Anthu ndikawaphunzitse bwanji kusamala madzi?

mayi_wa_pakiyosiki: Abale ndithandizeni nzeru. Ndili mu komiti ya kiyosiki yogulitsira madzi kuno ku Ndirande ndiye andiuza kuti Loweruka ndikalankhule ndi anthu za kasamalidwe ka madzi, koma ndikayambira pati poti anthu ake ndi omwe aja amati bola ndalipira ndowa yanga zinazo sizikundikhudza. Dzulo lomweli mtsikana wina wasiya chigubu chikusefukira iye ali pa foni, madzi mpaka kumsewu.

ankolo_a_ku_Chilomoni: Mayi musakayambe ndi zoti madzi ndi moyo, anazimva kale pa wailesi mpaka anatopa nazo. Kawauzeni komwe madziwo amachokera. Ambiri sadziwa kuti madzi ochuluka a mu Blantyre muno amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 uko, ndipo amakwera mtunda ndi mphamvu ya magetsi nchifukwa chake magetsi akangovuta mipope nayo imauma. A ku Mudi Dam ndi ochepa, kuonjezera apo anthu anadula mitengo nkumalima kumtunda kwake, mvula ikagwa dothi lonse limathera mudamumo. Mukatha apo aloze okha phiri la Ndirande awerenge mitengo yatsala kkkk

mnyamata_wa_25: Kuno ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo, ma Kamuzu Dam amadalira nkhalango ya Dzalanyama koma makala ochokera komweko timagula ndife tomwe. Pano mpaka tikudikira madzi a kunyanja ochokera ku Salima.

anesi_opuma: Za mitengo nzoona koma ine nkhawa yanga ndi tsiku lomwe mpope wauma. Anthu amathamangira pachitsime, chitsimecho chili pafupi ndi chimbudzi cha aneba poti mapoloti anachepa aliyense akumanga pomwe wapeza. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija tisaiwale msanga. Mukatenge ndowa yovindikira, kapu yotungira ndi kolorini muwaonetse pamaso pawo momwe amathirira, zongolankhula anthu amaiwala asanafike nkomwe kunyumba. Komanso madzi otsukuluzira zovala asamataye, akolopere kapena athire pa mpiru kuseri.

mayi_wa_pakiyosiki: Zikomo nonse. Ankolo, za Walker's Ferry inenso sindimadziwa, ndimangoona ngati onse ndi a ku Mudi. Ndowa ndi kapu ndili nazo, kolorini ndikapempha ku chipatala mawa. Nanga paipi ija yakhala ikudontha kumsika ndikaitchule pamsonkhanopo kapena ndiyambe ndawauza amfumu?

ankolo_a_ku_Chilomoni: Yambani amfumu, asakamvere pagulu. Koma lipoti la paipiyo kaperekeni kwa a zamadzi lero lomwe, musadikire Loweruka.