Zaka 60 za bambo a Chisomo: ulendo wa ku Joni

Lolemba, 6 Okutobala

Mayi a Chisomo, 19:12
Mwaswera bwanji nonse. Gulu ili ndatsegula dala, musadabwe kuti bambo a Chisomo mulibe, ndipo chonde wina asawaikemo. Pa 20 Disembala akukwanitsa zaka 60. Ine ndi ana takhala tikuganiza zoti tipite nawo ku Joni kwa Chisomo, phwando likachitikire kumeneko, adzukulu akaonenso paki ya zisangalalo ya Gold Reef City. Koma sindingamange ndekha nkhaniyi, eni ake a munthuyu ndinu.

Azakhali Esinati, 19:20
Taswera alamu. Ee, achimwene zaka 60! Mulungu ndi wabwino. Ine ndamva, ndidikire anzanga alankhule kaye.

Bambo aang'ono Yohane, 19:41
Alamu, ndilankhule mosabisa, musandimvere kolakwika. Disembala ndi nthawi ya feteleza wobereketsa, Januwale fizi ikudikira. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chimene chinabwerera m'malo mwake. Ndiye titenge ndalama zonsezo kukakwera makatungwe ku dziko la eni? Bwanji tiphe mbuzi ziwiri kuno ku Ntcheu, amayi afulule thobwa, mudzi wonse udye nawo. Munthu wa zaka 60 akatani ku malo a ana?

Tadala, 19:44
Bambo aang'ono, za ndalamazo mukunena zoona, sitikukana. Koma mverani kaye zimene achimwene anaona kumeneko. Achimwene fotokozani inu.

Chisomo, 20:03
Pepani ndimachokera ku ntchito. Bambo aang'ono, nanenso poyamba ndinkangoti ndi malo a ana. Chaka chatha ndinapita ndi Madalitso, sikutali ndi kuno ku Turffontein. Malowo anawamanga pa mgodi weniweni wa golide wa Crown Mines, pa shafti nambala 14. Nsanja yachitsulo ya mgodiwo ikadalipo, ndipo alendo amaloledwa kutsikira pansi. Amakupatsani chipewa cholimba ndi nyali, n'kukulowetsani mu chikepe chimene amachitcha keji.

Chisomo, 20:09
Titafika pansi wotiperekeza anati tonse tizimitse nyali. Sindinaonepo mdima wotero. Dzanja langa ndinaliika pamphuno koma osaliona. Kumangomveka madzi akudontha penapake. Madalitso anandigwira buluku, ine m'mutima munangobwera agogo aamuna, kuti kani ankakhala m'malo otere tsiku lonse, miyezi ndi miyezi. Usiku womwewo ndinawaimbira bambo. Anakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yaduka. Kenaka anayamba mafunso, denga lake n'lotalika bwanji, munthu amaima chilili kapena amawerama, mpweya umalowera pati. Tinatha ola lathunthu.

Mayi a Chisomo, 20:18
Ndi pamenepo alamu. Mukuidziwa sutikesi yachitsulo ya malemu apongozi ija? Ili pansi pa bedi lathu zaka zonsezi. Muli mapepala awo a Wenela, lamba, ndi chithunzi chimodzi atavala chipewa cha mu mgodi. Chiimbireni foni Chisomo, aitsegula kangapo. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa mkeka, chithunzicho chili m'manja, anangoti, "Mayi a Chisomo, ine bambo anga ndinkangowadziwira pa makalata." Munthu uyu waphunzitsa ana ake, ana a abale, sanapemphepo kanthu kakekake. Ichi chokha n'chimene ndamuona akuchilakalaka.

Bambo aang'ono Yohane, 20:25
Koma bambo sankagwira pa mgodi umenewo.

Chisomo, 20:27
Zoona, iwo anali ku mgodi wina. Koma migodi imene ikugwira ntchito simungangofika n'kulowa. Uwu ndi umene munthu wamba angatsikemo. Mwala wake ndi womwewo umene anaupeza ndi golide mu 1886, umene unabala Johannesburg.

Mphatso, 20:52
Ndawawerengera agogo zonse. Akuti ndilembe mawu awo mmene akunenera.

Mphatso, 21:04
Akuti: Yohane mwana wanga, iwe unabadwa bambo ako atabwerako kale, n'chifukwa chake sukudziwa. Ankapita pa ndege ya Wenela mpaka ku Francistown, kuchoka apo pa sitima. Mu 1974, mwezi wa Epulo, tinamva pa wailesi ya aphunzitsi kuti ndege yagwa ku Francistown ndi anthu athu obwerera kumudzi, amuna 74 a ku Malawi kuno atha. Bambo ako anali atalemba kalata kuti ali pafupi kubwera. Sitinadziwe ngati analimo. Mkulu wakoyo anali ndi zaka 8. Tsiku lililonse ankakakhala ku msewu kudikira basi, nsima ndinkachita kumutumizira komweko. Kalata yoti ali moyo inafika patapita masabata. A Kamuzu atatseka Wenela ndi pamene anabwereratu, ndi njinga, bulangete ziwiri, sutikesi ija, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tinawaika. Musiyeni mwana wanga akaone. Ine miyendo siyingandilole, koma mukandijambulire ali pansipo.

Azakhali Esinati, 21:10
Amayi mwandiliza. Za ku msewuzo ndikuzikumbukira pang'ono, ankandibereka kumbuyo popita kumeneko.

Bambo aang'ono Yohane, 21:31
Ndamva amayi. Alamu, ndikhululukireni, ndinaona makatungwe okha. Feteleza ndigula mwezi uno kachewere akadali pa mtengo wabwino, zotsalazo ndisunga za basi. Ngati achimwene akutsika, ndikatsika nawo. Anali bambo anga nanenso.

Mayi a Chisomo, 21:34
Palibe cholakwa alamu, mumayenera kufunsa. Zikomo amayi. Mawa tikambirane za kayendedwe.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tadala, 06:15
Ndangoweruka ku naiti, ndisiye maganizo anga ndisanagone. Ndalama zakunja zikuvuta kupeza kumudziko, ndiye tisavutike kusintha makwacha. Zonse zolipira mu ma rand, holo, chakudya, matikiti a ku paki, zikhale za ine ndi achimwene. Ndidzatumiza kwa iwo kuchokera kuno ku Leeds. Inu a kumudzi musonkhe makwacha a basi ndi kamba wa panjira basi. Bambo ndi amayi ndikufuna akwere ndege ya Malawi Airlines kuchokera ku Chileka, imeneyo ndi mphatso yanga. Msana wa bambo sungapirire kukhala pa mpando usiku ndi usana.

Azakhali Esinati, 07:02
Mwana iwe Mulungu akuonjezere. Msungichuma akhale ndani? Ndalama za banja zimadanitsa zikapanda mwini.

Bambo aang'ono Yohane, 07:09
Achemwali mukhale inuyo, ndinu amene mumasunga za ku banki mkhonde osasowa tambala. Titumize pa Airtel Money kapena Mpamba, aliyense akatumiza aponye umboni pa gulu pano.

Azakhali Esinati, 07:15
Ndavomera. Ndigula kope lakelake. Koma ndili ndi pempho. Pa 20 ndi Loweruka, mukudziwa ine Sabata sindiliswa. Sindikufuna kusowa pa phwando la achimwene.

Chisomo, 08:40
Azakhali musade nkhawa. Kuno mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 7 madzulo. Phwando tiyambe 7:30, Sabata litatha. Ku paki tipite Lachisanu pa 19, tilowe akangotsegula, pofika 4 koloko tituluke, mudzakhala muli kunyumba dzuwa lisanalowe. Kulawirira kuli ndi ubwino winanso. Nyengo imeneyo kuno kumacha bwinobwino, koma masana mitambo imangosonkhana mwadzidzidzi, ziphaliwali zake zoopsa, ndipo zikayamba amaimitsa zokwera zazikuluzikulu. Ndiye tiyambe ndi mgodi m'mawa, tikaonerenso pamene amasungunula golide, ana akwere zawo pambuyo pake.

Mayi a Madalitso, 09:05
Mwadzuka bwanji amayi, azakhali, bambo aang'ono. Ndionjezere za ana. Zokwera zazikulu ngati Anaconda ndi Tower of Terror salola mwana wosafika mamita 1.3. Sayang'ana zaka, amamuimika pa muyeso. Chaka chatha Madalitso anapereweza pang'ono chabe, analira mpaka kunyumba. Chonde muwayeze ana anu pa khoma ndi tepi ya atelala, muwauziretu zimene akakwere. Za ang'onoang'ono ziliponso zambiri, palibe amene akangokhala. Mutengenso zovala zosinthira, zokwera za m'madzi zimanyowetsa thupi lonse.

Mphatso, 09:30
Ine ndadziyeza kale, ndapitirira! Anaconda ija ndinaiona pa YouTube, miyendo imalendewera m'malere. Ndikwera kawiri.

Tadala, 13:48
Mphatso kwera, koma bambo ayi. Amamwa mankhwala a BP, ndipo Tower of Terror imamugwetsa munthu chamutu kulowa m'dzenje la mgodi. Akakaumirira muwakanize, munene kuti ndaletsa ndine. Gudumu lalikulu lija lokha ndi limene akwere ndi amayi, limayenda pang'onopang'ono, akauone mzinda ali m'mwamba. Amayi mankhwala awo mudzaike m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi.

Bambo aang'ono Yohane, 14:20
Za basi ndafunsa kwa mnzanga amene amapita kukaoda katundu. Kuchoka ku Blantyre ndi Mwanza, Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kukatsikira ku Park Station. Akuti tiwerengere tsiku ndi theka, pena masiku awiri, zimatengera mzere wa pa Beitbridge. Ndiye tinyamuke Lachiwiri pa 16 kuti tikapume Lachinayi.

Chisomo, 14:33
Pa 16 ndi bwino. Nthawi imeneyo anthu ambiri amakhala akutuluka mu South Africa kupita kumudzi ku Khirisimasi, inu mudzakhala mukulowa, ndiye mbali yanu siidzadzaza kwambiri. Pobwerera ndi pamene mudzakumane ndi chikhamu, matikiti obwerera tiguliretu pamodzi ndi opita. Ndidzakuchingamirani ndekha ku Park Station. Mukatsika musapatse munthu aliyense chikwama kuti akunyamulireni, mungoima pamodzi mpaka mundione.

Azakhali Esinati, 15:10
Nanga mapasipoti? Yanga ndaiona, ili bwino. Viza ikufunika?

Tadala, 15:22
Ayi azakhali, pasipoti ya Malawi amapereka masiku 30 popanda viza. Koma aliyense atsegule yake lero lomwe, aone tsiku lothera ntchito, aonenso kuti muli masamba awiri opanda chidindo. Wofuna yatsopano ayambe sabata ino, asadikire Novembala. Mphatso akuyenda ndi bambo aang'ono, ndiye atenge setifiketi yobadwira ndi kalata ya makolo ake yovomereza ulendowu. Ma border ndi atatu, ndi bwino kukhala ndi pepala limene sanakufunse.

Mayi a Chisomo, 17:45
Vuto langa ndi ili. Ulendo wa pa ndege sungabisike. Ndikawauza chiyani?

Mayi a Madalitso, 17:52
Amayi, auzeni zoona zokhazokha, kuti tikuwaitana adzaone mdzukulu wawo wakhandayu, sanamunyamulepo chibadwire. Za mgodi ndi za phwando zokha ndi zimene tibise. A pa basi akagona kwa anzathu a kumpingo ku Rosettenville, ndalankhula nawo kale. Bambo adzangowapeza pa geti la paki Lachisanu m'mawa.

Azakhali Esinati, 18:01
Apongozi mwaganiza bwino. Ndikuona kale nkhope ya achimwene pomuona Yohane ataima pa geti ku Joni! Tsono chakudya. Achimwene sadya keke n'kukhuta. Pakhale nsima, nkhuku yachikuda, mkhwani wotendera, nyemba. Mpunga wa kilombero ndibweretsa ine, ndi Nali, ndi Sobo wa ana.

Bambo aang'ono Yohane, 18:08
Nyemba za kuno ndi nsinjiro ndinyamula. Amayi akuti akonza ufa woyera wa chimanga cha m'munda mwawo, mwana wawo asakadye nsima ya ufa wa m'shopu pa tsiku lake. Nanga chambo chouma ndi usipa?

Chisomo, 18:16
Nsomba ndi nyama musanyamule, za mtundu umenewo zimafuna chilolezo pa border, mungangotaya ndalama. Kuno kuli a kwathu amene amagulitsa, ndikayitanitsa. Mbuzi ndigula konkuno. Holo ndapeza ya tchalitchi, anthu 50 akwanamo, amalola kuphika panja pa mbaula. Ndaitana madoda atatu achikulire a kwathu amene anabwera kuno kalekale osabwereranso. Mmodzi anagwirapo mu mgodi nthawi ya TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, akadzakhala pafupi ndi bambo adzacheza mpaka usiku.

Mayi a Chisomo, 18:40
Chitenje cha yunifolomu ndikasankha ku Limbe Loweruka lino, ndidzaponya zithunzi zitatu musankhepo. Amayi ndi atsikana nditumizireni miyeso ku inbox, abambo malaya okha. Alamu Yohane, inu ndi amene mukalankhule m'malo mwa banja.

Bambo aang'ono Yohane, 18:51
Ndikalankhula. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Chithunzi cha bambo cha mu sutikesi chija chipite nawo. Ndikufuna achimwene akachigwire m'manja tili pansi pa mgodi, tikajambule chimene amayi apempha.

Mayi a Chisomo, 18:58
Akachipeza palibe adzadziwa kuti pali nkhani, amachiona pafupipafupi. Ndidzachitenga m'mawa wa tsiku la ulendo iwo akusamba, ndidzachiika m'Baibulo langa kuti chisapindike.

Tadala, 19:03
Amayi, mawa akapita ku ntchito muchijambule ndi foni pa kuwala, mutumize kuno. Ndikachikulitsa n'kuchiika mu felemu, china cha bambo, china cha agogo ku Ntcheu.

Mphatso, 19:20
Agogo akuti kumbuyo kwa chithunzicho kuli mawu amene agogo aamuna analemba ndi pensulo, mujambulenso kumeneko.

Mayi a Chisomo, 19:24
Alipodi, pensulo yake yayamba kufufutika koma akuwerengeka. Ndijambula mbali zonse ziwiri.

Azakhali Esinati, 19:31
Chabwino. Gawo loyamba la ndalama za basi lifike kwa ine pofika pa 31 Okutobala, kuti matikiti tigule sabata yoyamba ya Novembala mipando isanathe. Opita pa basi lembani maina pansipa, ndi ana omwe, ndidziwe tilipo angati.

Bambo aang'ono Yohane, 19:33
Ine, mayi a kunyumba, Mphatso. Atatu.

Mayi a Chisomo, 19:36
Ndamva geti, afika. Ndizimitsa data, tipitiriza mawa.