Chipinda changa chogona sichikundipumitsa, ndiyambire pati?

Wofunsa: Moni nonse, ndine mchemwali wanu ndikupempha nzeru. Chipinda changa ndi cha mamita 3 mbali zonse, zenera limodzi, pansi simenti, makoma oyera. Muli bedi, wadirobu, tebulo logwirirapo ntchito ndi makatoni angapo. Ndikalowamo mtima sukhala m'malo ndipo tulo timachedwa. Kodi ndipake penti wina, kapena vuto lili pena?

Wa zamagetsi: Achemwali, penti adikire kaye. Werengani zolembedwa pa babu lanu. Mukapeza 6500K, kumeneko ndi kuwala koyera kwa masana, ndipo usiku thupi limaona ngati kunja sikunade, n'chifukwa chake tulo timachedwa. Pezani la 2700K kapena 3000K, lowala mwachikasu pang'ono. Chinanso, babu limodzi la pamwamba limaonetsa katundu yense nthawi imodzi, diso osapuma. Ikani nyale yokhala ndi chophimba pambali pa bedi, LED ya mawati 5 mpaka 7, ndipo kukatsala ola limodzi kuti mugone muzizimitsa lapamwambalo. Mababu ena amaphethira mofulumira moti maso saona, koma mutu umawawa. Lozetsani kamera ya foni pa babulo, mujambule kanema wa slow motion (woyenda pang'onopang'ono). Mukaona mizere yakuda ikuyenda, lisintheni.

Wokonza m'nyumba: Makatoniwo ndi tebulolo ndi zimene zikukudyani mtima. Mukagona n'kumaona mapepala a ntchito, maganizo saweruka. Tebulo lisayang'anizane ndi pilo, ndipo madzulo zantchito zizilowa m'dirowa kapena m'bokosi lotseka. Makatoni tsegulani limodzi pa tsiku. Mukakhuthula onse pamodzi mudzatopa pakati, chipinda n'kuipa kuposa kale. Pambali pa bedi pakhale njira ya masentimita 60 yoyendamo osagunda kanthu.

Wosoka makatani: Zoona zimenezo, koma musaiwale makutu. Imani pakati pa chipinda muwombe m'manja kamodzi. Simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu, chipinda n'kumalira ngati mgolo. Yalani kapeti pamene mumapondapo podzuka. Katani ikhale yochindikala, m'lifupi mwake kuwirikiza kawiri zenera kuti ichite makwinya, poti yoonda yongokwanira zenera siithandiza. Ndodo yake ikwere masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa zenera, ipitirirenso masentimita 15 mpaka 20 mbali iliyonse, kuti masana katani isatseke galasi ndipo usiku kuwala kusalowere m'mbali. Dziwani kuti izi zimachepetsa kubwerera kwa mawu m'kati. Phokoso lochokera kunja limalowera m'mipata ya chitseko ndi zenera, imeneyo imafuna labala womata.

Wopaka penti: Mukachita zonsezi n'kumafunabe penti, sankhani wosanyezimira. Wa gloss, wonyezimira uja, amabweza kuwala m'maso ndipo amaonetsa mabampu onse a pulasitala. Mtundu ukhale wofatsa. Pakani kaye mita imodzi mbali zonse, uume, muuone m'mawa ndi usiku babu latsopanolo litayaka, chifukwa babu la 2700K limasintha maonekedwe a mtundu. Lita imodzi imakwana masikweya mita 10 mpaka 12 pa kupaka kumodzi, ndipo mudzapaka kawiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri abale anga. Babu ndapeza ndi la 6500K ndithu. Koma posuntha wadirobu ndaona madontho akuda kukhoma ndi kafungo ka chinyezi. Ndingopakapo penti?

Wopaka penti: Ayi mayi, musatero, imeneyo ndi nkhungu ndipo idzatulukanso pamwamba pa pentiyo. Valani magolovesi, tsegulani zenera, tsukani ndi madzi a sopo kapena mankhwala ophera nkhungu, koma bulitchi musamusakanize ndi mankhwala ena alionse, mpweya wake ndi woopsa. Khoma liume kotheratu musanapake. Wadirobu italikire khoma masentimita 5 mpaka 10 kuti mpweya uzidutsa, zenera muzitsegula mphindi 10 mpaka 15 m'mawa uliwonse, ndipo zovala zonyowa musamayanike m'chipindamo. Madonthowo akabwerera, mwina madzi akulowa kuchokera kudenga, kupaipi kapena pansi, muitane mmisiri aone.