Chamois ya PVA ikusiya madontho ndi timizere pa galimoto yakuda: vuto ndi nsaluyo kapena kapukutidwe?

Wa_ku_Moatize:
Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Galimoto ndi Toyota Ractis yakuda, imakhala ku Moatize kuno, ndipo madzi otsukira ndi a pamjigo. Chopukutira ndi chamois ya PVA, nsalu yofewa yonga siponji ija imagulitsidwa yonyowa m'kachubu ka pulasitiki. Madzi imamwa bwino ndithu, koma galimoto ikauma pakumatsala madontho oyera padenga ndi pa boneti, ndipo padzuwa pakuoneka timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Komanso ikakhala masiku angapo kunja kwa chubu imauma gwa. Kodi chamois ndiyo ikukala penti? Nanga isungidwe yonyowa kapena youma?

Mtsuka_wa_Matundo:
Achimwene, chamois yonyowa bwino siikala penti payokha. Chokala ndi mchenga umene ikukoka. Nsalu ya microfibre ili ndi ubweya, ndiye kamchenga kakalowamo kamabisala m'kati. PVA ilibe ubweya, ndi yosalala mbali zonse ziwiri, choncho kamchenga kalikonse kotsala pagalimoto kamapanikizika pakati pa nsalu ndi penti, inu n'kumakakhuza ndi dzanja lanu lomwe. Kwanuko nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa fumbi la malasha ndi la malole a pamsewu wa ku Zóbuè limatera ngakhale muli mkati motsuka. Galimoto imene yangothiridwa madzi popanda kutsukidwa ndi sopo isakhudzidwe ndi chamois n'komwe.

Musanayambe, iviikeni m'ndowa ya madzi oyera kwa mphindi 2 kapena 3 mpaka ifewe paliponse, m'makona momwe. Kona imodzi yolimba ndi yokwanira kusiya mzere. Ikakhala yatsopano itsukuluzeni kawiri katatu kuti muchotse mankhwala amene imabwera nawo m'chubu. Kenako ifinyeni, koma osaipotokola ndi mphamvu zonse.

Potsukuluza galimoto komaliza, chotsani kamutu kopopera pa paipi kuti madzi azingoyenderera kuchokera padenga. Madzi oyenderera amakokana okha n'kutsika, pamene opopera amamwazika n'kusiya timadontho tambirimbiri. Mukalibe paipi thirani ndi jagi pang'onopang'ono. Pamenepa ntchito ya nsalu yachepa kale.

Kapukutidwe kake ndi aka: itambasuleni yonse padenga, gwirani makona awiri a mbali yanu, n'kuikoka pang'onopang'ono kubwera kwa inu. Musaikanikize, kulemera kwake n'kokwanira. Musaikwinye m'manja n'kumazunguliza, timizere tozungulira mukuti tija timachokera pamenepo. M'zitseko, poti nsalu singagone yokha, ipindeni kanayi ndipo muziiyendetsa molunjika, kapena muzingoiika n'kuichotsa kuti imwe madzi. Yambani denga, kenako magalasi, boneti, buti, ndi theka lakumwamba la zitseko. Mukamaliza gawo limodzi itsukuluzeni m'ndowa ya madzi oyera musanaifinye. Ambiri amangofinya n'kupitiriza, koma kufinya kumachotsa madzi, mchenga umatsalira momwemo.

Theka lakumunsi la zitseko, mabampala, m'mphepete mobisika mwa zitseko ndi malimu zikhale ndi nsalu yakeyake. Kumeneko kumakhala mchenga ndi fumbi lakuda la mabuleki ngakhale mutatsuka chotani. Ndipo chamois ikagwa pansi isabwerere papenti isanachapidwe bwinobwino.

Ngati muli ndi yaing'ono ija ya masentimita 43 ndi 32, pezani yaikulu ya 66 ndi 43. Yaing'ono imadzaza msanga, ndiye mumadutsa pamalo amodzi kambirimbiri, ndipo kudutsa kulikonse ndi mwayi wina wokala.

Mai_a_Tadala_Chingodzi:
Zonse anena akuluwa n'zoona. Ine ndiyankhe za madontho, chifukwa amenewo si mlandu wa nsalu ayi. Madzi a pamjigo amakhala ndi mchere wa calcium ndi magnesium. Dontho likauma lokha, madzi amapita, mcherewo n'kutsala papenti. Ndiye mpikisano wanu uli ndi dzuwa: mupukute madziwo lisanawaumitse.

Kuno ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo boneti yakuda imatentha kuposa pamenepo. Gwiritsani kuseri kwa dzanja pa boneti. Ngati simungathe kulisiyapo, musatsuke. Nthawi yabwino ndi mmamawa isanakwane 7 koloko, kapena madzulo dzuwa litapendeka, pamthunzi, injini itazizira. Mthunzi wa denga la nyumba uposa wa mtengo, poti mtengo umagwetsa utomoni ndi zitosi za mbalame. Pamene mukupukuta denga, mbali zina zizikhala zonyowabe. Mukaona zayamba kuuma zithireninso madzi.

Chinthu china chimene ogulitsa satchula n'chakuti PVA siumitsa kotheratu. Imasiya kachinyezi kopyapyala kumbuyo kwake. Pa galimoto yoyera simungakaone, koma pa yakuda yofunda kamauma n'kukhala mikwingwirima. Khalani ndi microfibre youma, yoyera, m'dzanja linalo: chamois ichotse madzi ambiri, microfibre imalize pompo musanapite pagawo lina.

Madontho ena amabwera mutamaliza kale. Madzi amabisala m'magalasi a m'mbali, m'zogwirira zitseko, kuseri kwa nambala, pa chitseko cha thanki ndi m'malabala ozungulira magalasi. Galimoto ikangoyenda amatuluka n'kujambula mizere yoyera yotsika. Tsegulani zitseko zonse ndi buti, pindani magalasi a m'mbali, dikirani pang'ono, kenako pukutani zotsikazo.

Madontho amene alipo kale yesani viniga woyera: kapu imodzi ya viniga pa kapu imodzi ya madzi a m'botolo. Pakani ndi nsalu yofewa penti ili yozizira, siyani kwa mphindi imodzi, tsukuluzani ndi madzi ambiri n'kupukuta. Viniga amasungunula mcherewo, koma amadyanso wax, phula lija loteteza penti, choncho pakaninso wax pamalopo. Dontho limene lakana viniga ndiye kuti lalowerera m'penti, likufuna polishi.

Ndifunsenso: mukutsukira sopo wanji? Ngati ndi waufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale, musiyeni. Amachotsa wax, ndipo penti yopanda wax chamois imaikakamira, imachita kudumphadumpha m'malo motsetsereka, inu n'kuyamba kuikanikiza. Gulani shampu ya galimoto ndipo mutsate muyezo wolembedwa pabotolo. Kuchulutsa sopo kumasiyanso mikwingwirima.

Dalaivala_wa_Ulongue:
Za kuuma gwa musade nkhawa, achimwene, ndi chibadwa cha PVA, sinaonongeke. Chachikulu musaitambasule kapena kuipinda ili youma, imathyoka m'mapindomo. Iponyeni m'madzi mmene ililimo, ifewe yokha.

Kasungidwe kamatengera mmene mumaigwiritsira ntchito. Anyamata a pa lavagem (potsukira magalimoto) ndi a machapa (maminibasi) amene amaigwira tsiku lililonse akhoza kuichapa, kuifinya, kuikulunga n'kuibwezera m'chubu ili yachinyezi. Koma ngati mumatsuka kamodzi pasabata kapena kuchepera apo, m'chubu chotsekedwa imachita chuku n'kuyamba kununkha, makamaka kumunsi kwanuko kotentha. Kuno ku Angónia kozizira imapirirako, komabe nthawi ya dzinja imachita chimodzimodzi. Ndi bwino kuiyanika pamthunzi, pamalo opanda fumbi, iume, n'kuisunga m'jumbo yoyera. Osaisiya pa dashibodi kapena m'buti pamodzi ndi jeke ndi zigubu za mafuta.

Poichapa gwiritsani madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, mutsukuluze mpaka thovu lithe. Madzi otentha kwambiri amaifwanyula, Jik amaidya, ndipo mankhwala ofewetsa zovala amatseka timabowo timene imamwera madzi. Ikayamba kuyoyoka tizidutswa, kuterera ngati ili ndi mafuta, kapena kukhala ndi mathothomathotho akuda osachoka, itsitseni ikhale ya malimu, mugule ina.

Pamodzi pokha ndisiyane pang'ono ndi akulu a ku Matundo. Njira yawo ndi yolondola, koma pa galimoto yakuda yokhala ku Moatize ine ndinganene kuti chamois ikhale ya magalasi ndi denga basi, penti yotsalayo muziumitsa ndi thaulo lalikulu la microfibre laubweya wautali. Fumbi lakumeneko simungalipambane nthawi zonse, ndipo nsalu yaubweya imakhululuka kamchenga kamodzi pamene PVA sikhululuka. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva, chamois yokha ndi yokwanira.

Wa_ku_Moatize:
Zikomo kwambiri nonse. Sopo ndi waufa uja ndithu, asiyidwa. Nanga timizere talowa kale tingachoke?

Mtsuka_wa_Matundo:
Yendetsani chikhadabo pang'onopang'ono mopingasa mzerewo. Ngati sichikukodwa, mzerewo uli pamwamba chabe, pa vanishi yoonekera imene imakuta utoto, ndipo polishi yosakhakhala kwambiri iuchotsa kapena kuuchepetsa. Yesani kaye pakamalo kakang'ono pa buti, galimoto ili yotsukidwa, youma ndi yozizira, kenako pakani wax. Chikhadabo chikakodwa, mzerewo ndi wakuya, ipititseni galimotoyo kwa odziwa penti. Polishi musaizolowere, chifukwa nthawi iliyonse imadya vanishi pang'ono, ndipo vanishiyo ndi yopyapyala. Ikatha, chotsala ndi kupopera penti ina. Wax yokha mukhoza kumapaka pakatha miyezi 2 kapena 3, ndipo mudzadziwa kuti yatha mukaona madzi asiya kupanga timipira pa boneti.