Kodi elekitironi imadikira kuti munthu aiyang'ane?

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Anzanga, ndithandizeni. Mtsikana wina wa Fomu 4 wandionetsa kavidiyo ka pa WhatsApp konena kuti elekitironi (kachidutswa kakang'ono ka mu atomu) imadutsa pa timipata tiwiri ngati funde, koma munthu akangoiyang'ana imapezeka pa malo amodzi. Akuti tsono maganizo athu ndiwo amaumba zinthu. Mwanayu ndi wakhama, sindikufuna kumuyankha mongomuchotsa. Kodi pamafunikadi munthu wozindikira?

Mkulu wa ku Tsangano:
Aphunzitsi, ganizoli silinayambire pa foni ayi. Mu 1932 katswiri wa masamu John von Neumann anaonetsa kuti masamu a quantum (malamulo a tinthu tating'ono ngati elekitironi) sanena pamene kuyeza kapena kuyang'anako kumathera: chida choyezera ndi maatomu, diso ndi maatomu, ubongo chimodzimodzi. Mu 1961 katswiri wa fizikisi Eugene Wigner anati mwina zonsezi zimathera m'maganizo a munthu, koma pambuyo pake iye mwini analisiya ganizolo.

Ine chimene chimandikhutiritsa ndi cha ku Vienna. Mu 1999 gulu la Anton Zeilinger linadutsitsa mamolekyu a C60 (timipira ta maatomu 60 a kaboni) pa timipata tating'ono, mizere yosonyeza kuti adutsa ngati mafunde nkuoneka. Mu 2004 anatenthetsa mamolekyu a C70 (a maatomu 70) ndi laser mpaka anayamba kutulutsa kuwala. Kutentha kukamakwera, mizere ija inkazimirira. Palibe diso linaona kuwalako, kunkangogwera m'makoma a chipangizo. Kungoti kunkanyamula uthenga wa njira imene molekyu yadzera, basi mafunde atha.

Mayi wa ku Bembeke:
Inenso ndimaphunzitsa, ndipo ana ndimawafunsa chonchi: dzuwa layaka zaka zoposa 4 biliyoni, ndipo m'kati mwake maprotoni amalumikizana motsatira malamulo omwewa a quantum. Nanga munthu asanakhaleko ankayang'anira ndani? Koma bambo a ku Tsangano, ndiye kuti nkhani yatha?

Mkulu wa ku Tsangano:
Sinathe, mayi. Zimene Dieter Zeh anayamba kufotokoza mu 1970, zotchedwa decoherence, zimatiuza chifukwa chake mizere imatha molekyu ikagundana ndi mpweya kapena kuwala. Sizitiuza chifukwa chake pa zotheka zonse timapeza chimodzi chokha. Hugh Everett mu 1957 anati funde silisanduka chotsatira chimodzi nkomwe, zotheka zonse zimachitika m'nthambi zosiyana. Akatswiri akadakanganabe.

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Zikomo kwambiri. Lolemba ndimujambulira pa bolodi za C70 zija, kenako ndimuuza poyera funso limene latsala.