Mwana wanga akuchoka pa inshulansi yanga, titenge Bronze kapena Silver?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Tili ku Texas, ku America. Mwana wanga wamkazi akwanitsa zaka 26 mwezi wamawa, ndiye akumuchotsa pa inshulansi ya kuntchito kwanga. Ali ndi matenda a shuga, amadzibaya insulin tsiku lililonse. Ntchito yake ndi ya maola ochepa, kulibe inshulansi.

Ndikudziwa kuti chifukwa cha Obamacare, lamulo lija la inshulansi ya zaumoyo la 2010, kampani singamukane kapena kumukwezera mtengo kaamba ka matendawo. Pamenepo ndimayamika. Koma titatsegula HealthCare.gov, webusaiti ya boma yogulirapo inshulansi (Marketplace), mutu unaima. Pali mapulani osiyanasiyana, monga Bronze ndi Silver. Bronze ndi yotchipa pamwezi, koma deductible yake, ndalama zoti uyambe walipira wekha inshulansi isanathandize, ndi madola masauzande. Kwa munthu wopita kuchipatala pafupipafupi, pali nzeru pamenepo?

Mayankho:

— Mayi, Bronze ndi ya munthu amene chaka chimatha osaponda kuchipatala. Mwana wanuyo ayang'ane Silver. Ngati ndalama zomwe amapeza pachaka sizikupitirira 250 peresenti ya malire a umphawi omwe boma limaika, amamutsitsira deductible ndi zolipira pokaonana ndi dokotala. Thandizo limeneli lili pa Silver pokha, ambiri sadziwa. Musachedwenso: akachoka pa inshulansi yanu ali ndi masiku 60 oti alembetse.

— Achemwali, chenjerani ndi Texas. Khoti lalikulu litagamula mu 2012 kuti dera lililonse lisankhe lokha zokulitsa Medicaid, inshulansi ya boma ya anthu opeza ndalama zochepa, Texas inakana mpaka lero. Ndiye mwanayo akamapeza ndalama zochepa kwambiri, pansi pa malire aja, atha kugwa pakati: Medicaid sapeza, thandizo la boma lolipirira inshulansi pa Marketplace sapezanso. Muwerengere bwino zomwe apeze chaka chonse musanalembe.

— Ine Obamacare sindiikhulupirira. Ambiri alowa inshulansi, inde, koma ife osalandira thandizo la boma premium, ndalama yolipira pamwezi ija, imangokwera chaka ndi chaka. Khadi uli nalo m'thumba, koma ukuopa kupita kuchipatala.

— Bambo, mukunena zoona, koma munthu wa shuga wa msinkhu wa mwanayu isanafike 2014 akanamubweza pakhomo penipeni. Mayi, onaninso ngati insulin yomwe amabayayo ili pa mndandanda wa mankhwala a pulaniyo, komanso ngati dokotala wake amailandira pulaniyo.

— Zikomo nonse. Za Silver sindimadziwa n'komwe. Funso lina: maola ake amasinthasintha, ndiye ndalama za pachaka tilembe bwanji kuti asadzatiuze zobweza thandizo la boma lija nthawi ya misonkho?