Ndithandizeni: kandodo ka analog kanayamba ndi Nintendo kapena ena?

Anzanga okonda magemu, ndithandizeni pa mkangano uwu. Ambiri amati kandodo kamene timakankha ndi chala chachikulu kanabwera ndi Nintendo 64 mu 1996. Komatu makina a magemu a Atari 5200 ndi Vectrex anali kale ndi ndodo ya analog (yozindikira ngati waikankha pang'ono kapena kwambiri) mu 1982, kungoti ya Atari inkavutitsa: ukaisiya, siinkabwerera yokha pakati. Ndiye ulemu upite kwa amene anayamba, kapena kwa amene anachikonza mpaka ena onse n'kutengera?

Ine mtima wanga uli kwa Nintendo, chifukwa ndi kandodo kawo kamene kanapangitsa kuti kuyenda m'magemu a 3D kukome. Koma Sony ndi amene anaika tiwiri mu 1997, ndipo mpaka lero tonse tikugwira choncho.

Za ma CD nazonso zimandipweteka: anthu amatama PlayStation ya 1994, kuiwala kuti kampani ya NEC inatulutsa chowerengera ma CD cha makina ake a magemu a PC Engine mu 1988.

Nanga kunjenjemera kwa kontirola? Rumble Pak ya Nintendo inali yochita kulumikiza ku kontirola, yofuna mabatire, pamene kontirola ya Sony ya DualShock inali nako m'kati mwake. Inu amene munagwirapo zonsezi, woyamba mumati ndi uti?