Tigule ma domain angati kuti akuba asamagwiritse ntchito dzina la kampani yathu?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimayang'anira za intaneti pakampani ina, ndipo tangotulukira kuti munthu wina walembetsa domain (adiresi ya pa intaneti) yofanana ndi yathu. Pamene pali "m" anaikapo "rn", moti pa foni simungasiyanitse. Akutumizira makasitomala athu ma invoice okhala ndi chizindikiro chathu, koma akaunti ya kubanki ndi yake. Wina walipira kale, ndipo zikundiwawa chifukwa ankaganiza kuti akulipira ife.

Abwana akuti tingogula mayina onse ofanana ndi lathu. Ine ndikukayika. Chitsegulireni ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, mwayi wa mathero atsopano a ma domain mu 2012, abwera oposa 1,000, monga .shop ndi .online, ndipo dzina lililonse limafuna kulipiridwa chaka ndi chaka. Tingawamalize amenewa? Inu mumasankha bwanji ofunika kugula ndi ongowayang'anira?

DMARC, njira yoteteza kuti ena asatumize ma email onamizira kuti achokera ku domain yathu, tinaika kale, koma imangoteteza domain yathu yeniyeni. Yachinyengoyi siikhudzidwa n'komwe.

Pomwe ndikufuna thandizo kwambiri ndi pa UDRP, ndondomeko yothetsera mikangano ya mayina a ma domain. Ndikudziwa kuti kukadandaula ku WIPO, bungwe lapadziko lonse lomwe limaweruza milanduyi, kumafuna kusonyeza kuti dzinalo likufanana ndi trademark yathu (dzina kapena chizindikiro cha malonda athu), kuti mwiniwakeyo alibe ufulu nalo, komanso kuti analilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito mwachinyengo. Koma mlandu umatenga miyezi ngati iwiri, anthu akuberedwabe. Amene munadutsamo, munayamba mwakadandaula kwa registrar (kampani yomwe inalembetsa domain yachinyengoyo) kuti aitseke msanga? Anakumverani mutawapatsa umboni wotani?